Kodi mawu oti embalming amatanthauza chiyani, nanga anachokera kuti?

Funso: Mlongo wanga anamwalirira ku Johannesburg mwezi wathawu. Pa pepala la ndalama lomwe a kampani yonyamula maliro anatipatsa panali mawu oti embalming, ndipo anati popanda zimenezo thupi silingadutse pachipata. Kumudzi akuluakulu ena akuti ndiye kuti anamuchotsa zam'mimba monga ankachitira ku Igupto. Kodi mawuwa amatanthauza chiyani kwenikweni, anachokera kuti, nanga pathupi la munthu amachitapo chiyani?

Yankho: Pepani mayi chifukwa cha zovuta zinakugweranizo. Tiyambe ndi chomwe chikuwasowetsa tulo akuluakuluwo. Pa ntchito yomwe munalipirayo sachotsa chiwalo chilichonse. Mtima, chiwindi, mapapo ndi matumbo zimatsala m'malo mwake. Chomwe chimatuluka ndi magazi, komanso madzi ndi mpweya wa m'mimba ndi m'chifuwa, ndipo m'malo mwa zimenezi mumalowa mankhwala oletsa thupi kuwola. Kung'amba thupi n'kutulutsa ziwalo kumachitika pofufuza chomwe chapha munthu, apolisi kapena madokotala akalamula. Imeneyo ndi ntchito ina ya anthu ena, ndipo nawonso akamaliza amabwezera ziwalozo n'kusoka. Komabe akuluakuluwo sanalote. Zomwe akunenazo zinkachitikadi ku Egypt (Igupto), ndipo Chingerezi chimatchula njira yakaleyo ndi yamakonoyi ndi liwu limodzi lomweli. Ife timati kuumitsa thupi.

Mawuwa ali ndi zigawo zitatu: em, balm ndi ing. Chomalizacho chilibe nkhani, chimangosandutsa mneni kukhala dzina la ntchito, monga amachitira "ku" pa "kuumitsa". Choyambacho ndi en wa Chifalansa, yemwe ndi "mu" wathu, kulowetsa chinthu m'kati mwa chinzake. N uja anasanduka m chifukwa chogundana ndi b, pakuti milomo imakhala itatsekeka kale kukonzekera b. Ifenso timatero osazindikira: timati ndodo ndi nkhuku, koma mbuzi ndi mbale, osati nbuzi.

Nkhani yonse ili pa balm. Umenewu ndi utomoni wonunkhira wotuluka mumtengo ukachekedwa khungwa, wamtundu wa lubani uja amagulitsa m'misika, kapena mafuta opaka opangidwa ndi utomoni wotere. Choncho embalm, tikamasulira chigawo ndi chigawo, ndi "kuika m'zonunkhira". M'mawuwo mulibe imfa, mulibe mtembo, mulibe kuwola.

Gwero la liwuli ndi zinenero za ku Middle East. M'Chiheberi bosem kapena basam ndi zonunkhira, ndipo m'Chiarabu basham ndi dzina la kamtengo kotulutsa utomoniwo. Agiriki anagula katunduyo ndi dzina lake lomwe, n'kumati balsamon. Aroma anatengera kwa Agiriki, n'kumati balsamum. Chilatini cha ku Gaul, dera lomwe lero ndi France, chitasanduka Chifalansa, liwulo linaperepeseka m'kamwa mwa anthu mpaka kutsala basme, kenako baume, ndipo kudzoza mtembo zonunkhira kunakhala embaumer. Mu 1066 William wa ku Normandy analanda England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu, cha m'makhoti ndi cha anthu apamwamba. Mawu zikwizikwi analowa m'Chingerezi nyengo imeneyo. Limodzi mwa iwo ndi ili, lomwe likupezeka m'zolembedwa za m'zaka za m'ma 1300 ngati embaumen kapena enbaumen.

Mwaona kuti l munalibe. Anamubwezeramo ndi anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1500, omwe ankakonda kukonza kalembedwe ka mawu kuti kafanane ndi Chilatini. Ndi omwewo anaika b mu debt ndi doubt. Anthu wamba sanawatsatire pakatchulidwe, moti mpaka lero l ameneyu ndi wa m'maso basi. Mngerezi amati "imbaam", monga amatchulira calm ndi palm.

Kamtengoko akatswiri a zomera amakatcha Commiphora gileadensis, ndipo n'kachibale ndi mtengo wa mure. Kamamera kum'mwera kwa Arabia ndi kutsidya la Africa la Red Sea, koma kale kankalimidwa m'minda yolondera ku Jericho ndi ku En Gedi, pafupi ndi Dead Sea. Khungwa ankalicheka ndi mwala wakuthwa, galasi kapena fupa, utomoni n'kumatuluka madontho owerengeka. Unali wodula kwambiri moti Mark Antony, mkulu wa asilikali wa ku Roma, anapereka minda ya ku Jericho kwa Cleopatra, mfumukazi ya ku Egypt, ngati mphatso. Munthu wodzozedwa zinthu zotere atamwalira sanali mlimi wamba, ndipo ulemu umenewo ndi womwe liwuli lanyamula mpaka lero.

Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amalidziwa m'Chipwitikizi ngati embalsamar, ndipo pa mapepala a Chiafrikaans ku South Africa mupeza balsem. Mfalansa amagwiritsabe ntchito embaumer pa zinthu ziwiri: kukonza mtembo, komanso maluwa akanunkhiritsa nyumba. Balm yemweyo ndi amene ali pa kabotolo ka Tiger Balm ndi pa lip balm wopaka milomo ikang'ambika nyengo yozizira. Ku Britain makampani ena a maliro amalizemba liwuli n'kulemba hygienic treatment pa pepala la ndalama, koma ntchito ndi yomweyo.

Tsono dzinali limanama pang'ono. Zonunkhira zimabisa fungo, koma pazokha sizingaimitse kuwola. Munthu akangotsirizika zinthu ziwiri zimayamba. Timadzi togaya zinthu tomwe tili m'maselo, makamaka a m'kapamba, m'chifu ndi m'chiwindi, timatembenukira thupi lomwelo. Nawo mabakiteriya a m'matumbo, omwe anali ngati oweta munthu ali moyo, amaboola n'kufalikira podzera m'mitsempha ya magazi. Chizindikiro choyamba ndi kubiriwira kwa khungu m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja, pomwe thumbo lalikulu limayambira. Kumalo ozizira chimaoneka pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ku Nsanje mwezi wa Okutobala chingaoneke tsiku lisanathe. Kuti zonsezi zitheke pamafunika kufunda, madzi ndi chakudya, ndipo njira iliyonse yosungira thupi imalanda chimodzi mwa zitatuzi. Firiji ya ku mochale, yomwe imakhala pa madigiri 2 mpaka 4, imalanda kufunda. Mchere ndi dzuwa zimalanda madzi. Fomalini, mankhwala omwe amaumitsira matupi masiku ano, imawononga chakudyacho.

Ku Egypt, dziko lomwe owerenga Baibulo amalidziwa kuti Igupto, ankalanda madzi. Ntchito yonse inkatenga masiku 70. Ubongo ankautulutsira m'mphuno ndi kachitsulo kokowa. Ankacheka m'mbali mwa mimba kumanzere n'kutulutsa chifu, matumbo, chiwindi ndi mapapo, zomwe ankaziumitsa padera n'kuzisunga m'mitsuko inayi. Mtima ankausiya, pokhulupirira kuti ukayesedwa pa sikelo kutsidyako. Kenako thupi ankalikwirira mu natron, mchere wachilengedwe wokumbidwa m'nyanja zophwa za ku Wadi el-Natrun, womwe ndi msanganizo wa soda wochapira, soda uja timaphikira therere, ndi mchere wamba. Pakatha masiku pafupifupi 40 thupi linkakhala litauma gwa. Apa m'pomwe ankabweretsa mafuta, utomoni, sera ndi nsalu za bafuta zokulungira. Zonunkhira zinkabwera kumapeto ntchito yeniyeni itatha, ngakhale utomoniwo unkathandiza kumata khungu kuti chinyezi ndi tizilombo zisalowe.

Herodotus, Mgiriki yemwe anafotokoza mwambowu m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, sanakometse mawu. Anagwiritsa ntchito liwu lomwe anthu akwawo ankanenera kuthira mchere nsomba. Msodzi wa ku Mangochi yemwe amang'amba nsomba, kuchotsa matumbo, kuthira mchere n'kuyanika pathandala sangavutike kumvetsa chifukwa chake. Apa Chichewa chinalasa kuposa Chingerezi, chifukwa kuuma kwathu kuli pawiri. Pali kuuma kosowa madzi, kwa usipa woyanika, ndiye pali kuuma kolimba, kuja timati wouma mutu. Njira ya ku Egypt inali kuuma koyambako, njira ya fomalini ndi kwachiwiriko, ndipo "kuumitsa" kukukwana ponseponse.

Liwu loti mummy, lonena za mitembo youmayo, silikhudzana ndi mummy wotanthauza amayi. Linachokera ku mum wa ku Persia, yemwe ndi sera, ndi mumiya, phula lakuda lotuluka m'nthaka. Anthu ataona mitembo yakuda bii chifukwa cha utomoni wakalekale anayesa kuti inapakidwa phula. Ifenso paja phula la njuchi ndi phula la pamsewu timalitchula ndi liwu limodzi.

M'Baibulo oumitsidwa motere ndi awiri okha, Yakobo ndi Yosefe, onse m'chaputala 50 cha Genesis, ndipo masiku 40 ndi 70 aja akutchulidwa momwemo. Za Yesu n'zina. Nikodemo anabwera ndi mure ndi aloe zolemera makilogalamu oposa 30, n'kuzikulunga pamodzi ndi thupi m'nsalu. Kumeneko ndiye "kuika m'zonunkhira" kwenikweni, koma sikunali kuumitsa. Ayuda sankang'amba thupi, n'chifukwa chake Marita anachenjeza za fungo pamanda a Lazaro patangotha masiku anayi.

Ntchito yotchuka kwambiri ya mtunduwu kuno kwathu inagwiridwa ndi anthu akuda opanda chipatala. David Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Anyamata ake, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao yemwe anawomboledwa kwa ogula akapolo ali mwana mu 1861 kumapiri a ku Shire, anamanga kampanda kopanda denga n'kuikamo thupi. Anacheka pamimba, zam'kati pamodzi ndi mtima anaziika m'kabokosi kachitsulo n'kuzikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, womwe ife timati muula, ndipo mnzawo Jacob Wainwright anazokota dzina pamtengopo. M'mimbamo anathiramo mchere, m'kamwa ndi m'tsitsi anathiramo burandi, n'kuliyanika padzuwa masiku 14. Litauma anapinda miyendo, analikulunga m'nsalu, n'kulilowetsa m'khungwa la mtengo, pamwamba n'kusokerera chinsalu chokhuthala cha matanga a ngalawa. Analinyamula makilomita oposa 1,500, n'kufika ku Bagamoyo, pagombe la dziko lomwe lero ndi Tanzania, mu Febuluwale 1874, patatha miyezi 9. Ku London analizindikira ndi fupa la mkono wamanzere lomwe mkango unathyola mu 1844, ndipo anamuika m'tchalitchi cha Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Nkhope inali itasinthiratu. Ndiwo malire a mchere ndi dzuwa: zimasunga thupi, sizisunga maonekedwe.

Njira ya lero inatheka William Harvey atafotokoza mu 1628 momwe magazi amazungulirira m'thupi. Ngati mitsempha ndi mipaipi yofika paliponse, bwanji osatumiza mankhwala momwemo? Frederik Ruysch ku Amsterdam ndi William Hunter ku London anayesa zimenezi pa matupi ophunzirira, ndipo Jean-Nicolas Gannal ku Paris anayamba kuchitira mabanja wamba m'zaka za m'ma 1830. Chomwe chinafalitsa ntchitoyi ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Makolo a kumpoto ankafuna ana awo ofera kum'mwera akaikidwe kwawo, ndipo a sitima sankalola matupi onunkha. Thomas Holmes ndi anzake oumitsa matupi ankatsatira asilikali ndi mapampu awo. Pulezidenti Abraham Lincoln ataphedwa mu Epulo 1865, thupi lake linayenda pa sitima pafupifupi masabata awiri kuchoka ku Washington kupita ku Springfield, likuima m'mizinda kuti anthu aone nkhope. Mwaona mayi, vuto lomwe linabala ntchitoyi ndi lomwelo linakugweranili: munthu kufera kutali, abale n'kumafuna akagone kwawo.

Mankhwala a nthawi imeneyo anali poizoni monga arsenic ndi mercury, omwe ankadwalitsa ogwira ntchito komanso kubisa milandu ya anthu ophedwa ndi poizoni. Formaldehyde anazindikiridwa ndi August Wilhelm von Hofmann m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1893 Ferdinand Blum, dokotala wa ku Frankfurt, anaona kuti amalimbitsa khungu la zala zake. Dzinalo linachokera ku formica, nyerere m'Chilatini, chifukwa n'chibale ndi asidi yemwe anayamba kupezeka m'nyerere. Formaldehyde payekha ndi mpweya. Akasungunulidwa m'madzi magawo 37 pa 100 ndiye fomalini. Amagwira ntchito pomangirira mapuloteni a m'thupi limodzi ndi linzake, ngati momwe choyera cha dzira chimalimbira likawiritsidwa. Mabakiteriya amafa chifukwa nawonso ndi mapuloteni, timadzi togaya tija timaleka ntchito, ndipo mnofu womangidwawo tizilombo tatsopano sitiudya msanga.

Nazi tsono zomwe zimachitika m'chipindamo. Thupi amalisambitsa ndi mankhwala opha tizilombo, kuphatikizapo m'kamwa ndi m'mphuno. Amapinda ndi kuwongola manja ndi miyendo kuti athetse kukungika kwa minofu komwe kumayamba pakatha maola 2 mpaka 6 munthu atamwalira, chifukwa minofu yokungika imafinya mitsempha. Nkhope amaikonzeratu mankhwala asanalowe, pakuti momwe fomalini yaipezera ndi momwe ikhalire. Pansi pa zikope amaikapo thonje kapena tizipewa tapulasitiki kuti maso asalowe m'kati, chibwano amachimanga ndi ulusi wodzera m'kati mwa milomo, mutu amautsamiritsa, manja amawaika momwe adzagonere m'bokosi.

Kenako amacheka masentimita 4 kapena 5 m'munsi mwa khosi kudzanja lamanja, pamwamba pa fupa lopingasa lija. Pamenepo pali mitsempha ikuluikulu iwiri yogundizana. Carotid, wochotsa magazi kumtima, ndi wokhuthala, woyererako, ndipo ukaudula umakhala chiyasamire. Jugular, wobweza magazi kumtima, ndi wopyapyala ndipo umaoneka wakuda ndi magazi. Mu carotid amalowetsamo kapaipi kochokera ku pampu, jugular amautsegula kuti magazi azitulukira. Ena amadzera m'mphechepeche mwa ntchafu, komwe kulinso mitsempha iwiri yotere. Pomwe palibe pampu, kapena magetsi akathima, amapachika thanki mita imodzi kapena awiri pamwamba pa tebulo, mankhwala n'kumatsika okha. Imeneyi ndi njira yochedwa koma yofatsa, ndipo ili bwino kuposa pampu m'manja mwa munthu wopupuluma.

Muyeso wake ndi pafupifupi lita imodzi pa makilogalamu 6 aliwonse a thupi, ndiye kuti munthu wa makilogalamu 60 amafuna malita 10. Pa thupi labwinobwino loti liikidwa m'masiku ochepa, formaldehyde amakhala magawo 2 pa 100. Kuwerengetsa kwake n'kotere: malita 10 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 37, zikupereka mamililita pafupifupi 540 a fomalini, kotsalako madzi. Pa thupi lotupa, lomwe layamba kale kuwonongeka kapena loyenda ulendo wautali amakweza kufika magawo 3 mpaka 5. Pali msampha umodzi womwe umakola ambiri: botolo la ku labotale lolembedwa kuti fomalini ya 10 peresenti lili ndi formaldehyde magawo 4 okha pa 100. Wosadziwa akalisungunulanso ngati ndi la 37 amabaya madzi. M'msanganizomo amaonjezamo glycerine kuti khungu lisachite makwinya, mankhwala oletsa magazi kuundana, borax wochepetsa ukali, ndi utoto wofiirira wobwezeretsa maonekedwe komanso woonetsa pomwe mankhwala afika.

Mankhwala akamalowa, wogwira ntchito amasisita manja ndi miyendo kulozera kumtima, maso ali pa zizindikiro: timitsempha tapakhungu tikutukuka, pansi pa zikhadabo pakusintha mtundu, minofu ikulimba, ndipo zotuluka mu jugular zikuyera. Mbali yomwe sikusintha ndiye kuti mtsempha watsekeka, ndipo amatsegula wina pafupi ndi mbaliyo.

Zikatha izi ntchito ili pakati. M'matumbo, m'chifu, m'chikhodzodzo ndi m'mapapo muli zinthu zomwe mitsempha siifikako, ndipo ndi momwe muli gulu lalikulu la mabakiteriya. Amatenga chitsulo chachitali chamng'oma chotchedwa trocar, n'kuboola masentimita 5 kumanzere ndi masentimita 5 pamwamba pa mchombo. Podzera pa bowo limodzi lomwelo amaloza mbali zonse, kupopa madzi ndi mpweya, kenako kuthira mankhwala osasungunula pafupifupi lita imodzi, theka m'chifuwa theka m'mimba. Bowolo amalitseka ndi kabatani kapulasitiki kapena ulusi, pakhosi paja amasoka, thupi amalisambitsanso n'kuliveka. Zonse zimatenga maola awiri kapena atatu. Thupi lomwe lapimidwa ndi madokotala limatenga nthawi yoposa apa, chifukwa mitsempha imakhala itaduka. Amabaya malo 6 padera, mbali ziwiri za mutu, mikono iwiri ndi miyendo iwiri, ndipo ziwalo amaziviika m'mankhwala asanazibwezere.

Zolakwika zambiri zimaonekera pa mwambo woona nkhope, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Nkhope ndi khosi zikatupa, maso n'kutuzuka, ndiye kuti anapopa mwamphamvu magazi asanapeze potulukira, ndipo kutupa kotero sikubwerera. Nkhope ikatuwa ngati phulusa ndiye kuti magazi sanatuluke okwanira, ndipo otsalawo anasakanizika ndi fomalini. Milomo ndi nsonga za zala zikakwinyika n'kuda, mankhwala anali aukali mopitirira. Munthu yemwe anadwala chikasu amasanduka wobiriwira akabayidwa fomalini yaukali, chifukwa utoto wachikasu wa ndulu umasintha mtundu. Odziwa amayamba atsuka mitsempha ndi msanganizo wofatsa, mutu n'kuubaya padera. Womwalira ndi impso amavuta mwa njira ina: zonyansa zomwe impso zinalephera kutulutsa zimapha mphamvu ya fomalini, moti muyeso wamasiku onse sumukwana. Chimodzimodzi wotupa ndi madzi, popeza madziwo amasungunula mankhwala. Choopsa kuposa zonse ndi kachilombo ka Clostridium perfringens, komwe kamadzaza mnofu ndi mpweya m'maola ochepa. Ukadina khungu limamveka kuthetheka pansi pa chala, ndipo kamafalikira ku matupi ena podzera pa zida zosatsuka.

Ndiye pali ntchito yachinyengo yomwe imalipiritsidwa ndi dzina lomweli: kutenga jakisoni n'kubaya fomalini apa ndi apo, m'ntchafu, m'mikono ndi pamimba, mphindi 15 basi zatha. Fomalini imalowerera m'mnofu pafupifupi milimita imodzi pa ola. Pobayidwapo pamalimba ngati thabwa, wogwira n'kukhutira, koma pakati pa mabowo ndi m'matumbo kuwola kukupitirira. Galimoto ikayenda tsiku limodzi padzuwa mimba imafufuma, mpweya umakankha zam'chifu kutulukira m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo bokosi limafika kumudzi losatsegulika. Kubaya kotere kuli ndi malo ake, pothandizira mbali yomwe mitsempha yakana, koma sikungalowe m'malo mwa ntchito yonse.

Ngakhale ntchito yabwino siisunga thupi mpaka kalekale. Cholinga chake ndi sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo m'manda thupi limabwerera kudothi ndithu, mochedwerapo chabe. Matupi ophunzirira udokotala amatha zaka chifukwa amabayidwa mankhwala ochuluka ndi aukali, osalabadira maonekedwe. La Lenin, mtsogoleri wa Soviet Union yemwe anamwalira mu 1924, likuonekabe ku Moscow chifukwa pali gulu la akatswiri lomwe limaliviika m'mankhwala kawirikawiri.

Pali nthawi zomwe kuumitsa sikuyenera. Imfa ikakhala yokayikitsa, madokotala ayambe apima, chifukwa fomalini imasokoneza kufufuza poizoni ndi mowa m'magazi. Womwalira ndi Ebola kapena Marburg sabayidwa n'komwe. Wa kolera amapoperedwa klorini ya 2 peresenti, kutsekedwa m'kamwa, m'mphuno ndi kumbuyo ndi thonje loviika m'klorini yomweyo, n'kuikidwa msanga. Asilamu ndi Ayuda amaika maliro mwachangu osaumitsa, pokhapokha lamulo la dziko likakakamiza ponyamula thupi. Fomalini nayonso si yoseweretsa. Imalasa m'maso ndi m'mphuno, bungwe la dziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaiika mu 2004 m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo kumwa mamililita 30 okha kutha kupha munthu wamkulu. Isasungidwe m'botolo la zakumwa panyumba ya maliro. Koma kugwira kapena kuveka thupi loumitsidwa bwino kulibe vuto.

A kampani aja sanakunamizeni. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700, kudutsa zipata za Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo mapepala okha amadya masiku ulendo usanayambe. Chikalata chotsimikiza kuti thupi laumitsidwa chimafunika pamodzi ndi chikalata cha imfa ndi chilolezo cha unduna wa zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko. Pa ndege amafunanso bokosi lokhala ndi malata m'kati, lomatidwa kuti mpweya usatuluke, ndipo ku England amayamba apempha chilolezo kwa coroner, mkulu wa boma wofufuza za imfa za anthu. Mwini mbumba akamalipira ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: mwadzera mtsempha uti, mwalowetsa malita angati, nanga m'mimba mwapopa? Wogwira ntchito yeniyeni amayankha osaganiza.

Kwa akuluakulu akumudziwo, umboni ali nawo ndi omwe anaveka malemu kapena kukonza m'bokosi. Ngati anaona kamsoko kakafupi m'munsi mwa khosi kapena m'mphechepeche, ndi kabatani kapena kamfundo ka ulusi pafupi ndi mchombo, kumeneko kunali kuumitsa kokha. Msoko wautali wochoka pakhosi kapena pachifuwa kutsika mpaka pansi pa mchombo, nthawi zina ndi wina wodutsa pamutu kuchoka kukhutu kufika kukhutu, ndi wa madokotala opima chomwe chinapha munthu, ndipo zikatero payenera kukhala lipoti lomwe banja lingapemphe kupolisi ya komwe anamwalirirako.